Lufeyo Akwera Galimoto ya Khonsolo

Mu Ufumu wa Tidzaona munthu ankayamba kulemekezeka akasiya kupuma. Sizinkangochitika mwangozi ayi, linali lamulo. Mfumu Ndakhuta Wachiwiri atangokhala pampando wa malemu bambo ake, anaima pakhonde la nyumba yachifumu ku likulu la Mkhuto n'kulengeza kuti mu ulamuliro wake palibe wosauka amene adzaikidwe m'manda ngati galu. Anthu anaomba m'manja mpaka zikhatho kuwawa. Za wosauka amene sanafebe, palibe anakumbuka kufunsa.

Lamuloli linamera mizu kwambiri m'katauni ka Pepani. Khonsolo ya kumeneko inali ndi matumba awiri, la zaumoyo ndi la maliro. La zaumoyo linabadwa lobooka kunsi, pomwe la maliro linkangonenepa chaka ndi chaka. Musawayese opusa makhansala a ku Pepani. Wodwala amagona m'chipinda ndi womudikirira mmodzi, ndipo ukamugulira mankhwala okuona ndi awiri okhawo. Koma pamaliro pamabwera mudzi wonse, apongozi ndi alamu omwe, ndipo onsewo amavota.

Akuluakulu a khonsoloyi anali awiri. A Kapalamula, wapampando, a chipani cha Chipande, ankasunga makiyi a galimoto ya maliro. A Matewere, a chipani cha Lichero, amene mpandowo ankaulota ali maso, ankasunga tenti, mipando, zimkuzamawu ndi jenereta. Ankadana koopsa anthu amenewa, koma maliro sankatheka popanda onse awiri.

Chipatala chinali cha khonsolo yomweyo. Pachikwangwani panalembedwa dzina lalitali laulemu, koma anthu ankangochitcha Kaguleni, chifukwa mawu amenewa ndiwo mankhwala okha amene sankatha kumeneko. Ambulansi inakhala pa njerwa kalekale, nkhuku za mlonda zikuikiramo mazira. Chipinda cha opaleshoni chinali chaukhondo ndithu, n'chifukwa chake a Matewere anachisankha kuti azisungiramo mipando ya maliro. Dokotala analipo mmodzi, a Malikebu, munthu wowonda wa maso otopa, amene ankapepesa odwala kuposa kuwachiza.

Kunena zoona, Nachisale lamulo la mfumu sankadana nalo. Ankadya nalo. Ntchito yake inali yoluka nkhata zamaluwa pamsika, pafupi ndi okhoma mabokosi, ndipo chisankho chikayandikira maluwa ankachita kuperewera. Ana ake anaphunzira sukulu ndi misozi ya eni. Mwamuna wake Lufeyo, wokhoma zidebe, mkamwini wochokera ku Matsidya kuseri kwa likulu, anali munthu wa nthabwala. Ankakonda kumuuza kuti, "Nachisale, tsiku limene anthu a ku Pepani adzasiye kufa, ife ndi amene tidzafe ndi njala."

Tsiku lina m'mawa, chisankho chili pafupi, Lufeyo anadzuka atagwira pamimba. Anasanza, thukuta lili kamukamu, mimba itauma gwa. Wakabaza anamufikitsa ku Kaguleni, Nachisale akuthamanga pambuyo. A Malikebu anadina apa, kudina apo, n'kuitanira mayiyo pakhonde.

"Mayi, matumbo apotana. Awa ndi a opaleshoni, ndipo ndi lero, dzuwa lisanapendeke. Kuno sindingathe, mipandoyo mwaiona nokha. Afike kuchipatala chachikulu ku Mkhuto."

"Tipita pa chiyani, adokotala?"

A Malikebu anayang'ana ambulansi. Nkhuku inatulukira pawindo ikutetera.

Basi ya ku Mkhuto inali itadutsa mbandakucha, ina mpaka mawa. M'Pepani monse galimoto yokhala ndi matayala onse ndi mafuta omwe inali imodzi yokha, ndipo aliyense ankaidziwa. Paja wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Nachisale anamanga chitenje nauyatsa wa ku khonsolo.

Anapeza msonkhano uli mkati, ndipo mwamwayi wake nkhani inali ya chipatala chomwecho.

"Olemekezeka makhansala," a Kapalamula ankatero, "chipatalachi chikutidya ngati chiswe. Munthu tikamugulira mankhwala, akachira amangopinda mphasa yake n'kumapita, osadutsa ngakhale pano kudzati zikomo. Nanga womwalira? Munamumvapo womwalira akuinena khonsolo ino? Ulemu ali nawo anthu amenewa!"

A Chipande anamenya matebulo. A Matewere anadzambatuka.

"Bodza limenelo, a wapampando! Ife a Lichero chipatala timachikonda. Ine ndimapitako sabata iliyonse kukazonda mipando, ndipo zimene ndimaona zimandiliza. Geti lakumbuyo, lotulukira maliro, ndi lopapatiza! Tsiku lijali tenti inang'ambikira pamenepo. Kodi anthu athu azituluka mopanikizika chonchi mpaka liti?"

Apa mbali zonse zinagwirizana, zomwe sizinkaoneka kawirikawiri. Anavota kuti kangachepe kotsala m'thumba la zaumoyo kakulitsire getilo, komanso kuti makhansala onse ayambe akaona momwe mageti a m'maboma ena amakhalira.

Nachisale anali atagwada pakhomo nthawi yonseyi. Mlembi wa khonsolo, bambo wa taye yofika pamchombo, anatuluka kudzamva.

"Bwana, ndikupempha galimoto. Amuna anga..."

"Pepani, mayi, pepani kwambiri. Atisiya nthawi yanji?"

"Sanamwalire, bwana. Akudwala, akufunika ku Mkhuto."

Chisoni chinachoka pankhope ya mlembi msangamsanga. "Aaa, ndiye mwafulumira. Za odwala zimapita ku komiti ya zaumoyo, ndipo komiti imeneyo ikadzakumana tidzakuuzani. Zikasintha mubwere, sitichedwa."

Panja, pamthunzi wa mtengo wa mango, dalaivala wa khonsolo, a Wedisoni, ankapukuta galimoto ya maliro mpaka munthu kudzionerapo nkhope. Anali atamva zonse. Iwo ndi Nachisale ankadziwana, poti nkhata zake ankanyamula ndi iwowo.

"Mlamu," anatero a Wedisoni osasiya kupukuta, "ine lamulo langa ndi limodzi: galimoto iyi imanyamula ogona. Zoti ogonawo akupuma kapena ayi, sukulu imeneyo sindinaphunzire."

Nachisale sanamvetse. Anadzera pamsika mutu uli zyoli, ndipo amayi anamuzungulira. Nangozo, mnzake wa ponda apa n'pondepo, wogulitsa usipa, anamva nkhaniyo n'kugwedeza mutu.

"Walakwitsa uthenga, mnzanga. Ukanapita ukulira maliro, bwenzi pano atakukhazika pampando wawofuwofu, chakumwa chili m'manja."

"Ine ana anga ndinawauza kale," anatero wogulitsa nyama akunola mpeni. "Ndikadzadwala musadzavutike ndi Kaguleni. Mudzangoyamba kulira, thandizo lidzabwera lokha."

Anthu anaseka, koma Nachisale sanaseke. Mawu a a Wedisoni anali atafika tsopano. Mwambo unali wodziwika: mkamwini akamwalira, thupi limabwerera kwawo. Kwawo kwa Lufeyo kunali ku Matsidya, ndipo msewu wa ku Matsidya unkadutsa pageti penipeni pa chipatala chachikulu. Anakokera Nangozo pambali. Nangozo anagwira pakamwa, kenaka anati, "Kulira kokha usade nako nkhawa, undisiyire ine."

Kuchipatala kuja, Lufeyo anamvetsera nzeruyo atatsinzina, mano atawaluma. Atamva zonse anatsegula diso limodzi.

"Ndiye mukuti ndife kaye kuti ndichire? Chabwino. Zaka zonsezi ndakhala ndikudula tikiti ya pamsika, galimoto imeneyo ndikungoiona ikudutsa. Ndikwereko ndili maso. Koma nkhata yanga mundilukire bwino, Nachisale, osati zoyoyoka zija mumagulitsa a Lichero."

"Pakamwa panupo, bambo, mpaka pano?" anatero Nachisale, misozi ili m'maso. Ankamukonda mwamuna ameneyu, ndipo ankaopa.

A Malikebu anati iwo sanamve kanthu. Anabaya Lufeyo kajakisoni kotsala koziziritsa ululu kuti asabuule, n'kumufunditsa nsalu mpaka kumutu. Potuluka ananong'ona kuti, "Koma mayi, asachedwe."

Nangozo anaima pakhonde, n'kuika manja kumutu, n'kuyamba kulira maliro.

Amene amati khonsolo ya Pepani ndi yaulesi sanaione ikumva maliro. Nangozo asanapume kawiri, tenti inali itaima pabwalo la chipatala. Anyamata a Lichero anatulutsa mipando, ndipo kwa nthawi yoyamba chipinda cha opaleshoni chinakhala chopanda kanthu, chokonzeka ndithu, kungoti panalibenso woti apangidwe opaleshoni. Jenereta inalira, magetsi n'kuyaka m'mawodi momwe ana obadwira momwemo anali asanaonepo babu loyaka. A Chipande anabwera ndi bokosi la zogwirira zonyezimira. Mlembi uja anafika ndi chisoni chake atachibwezera pankhope, nati, "Ndinakuuzani, mayi, sitichedwa."

Anyamata atatenga misomali, Nachisale anawaletsa. "Kwawo ku Matsidya sakhoma bokosi, ndiponso nkhope savundukula, mpaka alongo awo aione oyamba. Ndi mwambo wawo." Mwambowo anaupeka pomwepo, koma akuluakulu anavomera ndi mitu, ena mpaka kunena kuti anaumvapo. Anagoneka Lufeyo m'bokosi losatseka. Nachisale anakhala pansi pambali pake, n'kulowetsa dzanja kunsi kwa nsalu. Zala za mwamuna wake zinagwira zake.

A Wedisoni analiza injini. Mtima wa Nachisale unakhala pansi pang'ono. Dzuwa linali lisanafike pamutu.

"Zimitsani galimotoyo!" anakuwa mkulu woyendetsa mwambo, bambo wa mawu okulira pa zimkuzamawu. "Maliro a khonsolo sanyamuka ngati katundu wakuba. Pali mwambo."

"Bwana, ulendo ndi wautali," anadandaula Nachisale.

"Mayi, inu lirani. Zinazi ndi za ife."

Choyamba panabuka mkangano woti malemuyo anali wa chipani chanji. A Chipande anati anawakhomerapo chidebe. A Lichero anati anawawotchererapo ketulo. Zibakera zinatsala pang'ono kuyankhula, mpaka akuluakulu anaweruza kuti nsalu ya Chipande ifunde kumutu, ya Lichero kumiyendo. Lufeyo, amene chibadwire sanapatsidweko ngakhale kansalu kachipani kopukutira thukuta, anafunda ziwiri nthawi imodzi, dzuwa likuswa mtengo.

Kenaka zoyankhula zinayamba. Anayankhula wapampando wa msika. Anayankhula woimira okhoma zidebe, amene anapezerapo mwayi wodandaula za kukwera mtengo kwa malata. Anayankhula mkulu wampingo, n'kuitanitsa nyimbo, n'kuyankhulanso. Wina akati malemu anali munthu wosakwiya, zala za Lufeyo zinkafinya za Nachisale. Wina akati sanamwepo mowa, zinkafinya kawiri. Nachisale anazindikira kuti bambowa akuseka m'bokosi mwawomo, ndipo analuma chitenje kuti naye asaseke.

Amayi a kumbuyo anayamba kunong'onezana. "Taonani namfedwayo, maso ali gwa ngati si amuna ake." "Kaya anali ndi wina kale." "Anazolowera kudya za maliro, misozi inauma."

A Matewere anatenga chimkuzamawu dzuwa lili pamutu. Anati Lufeyo anali mbale wawo weniweni, ndipo akanadziwa kuti akudwala, bwenzi atamunyamula pamsana mpaka ku Mkhuto. Zala zinafinya, koma mofooka. Anafotokoza mbiri ya tenti, kumene anaigula ndi momwe a Chipande anaitsutsira. Analonjeza kuti akadzakhala wapampando, wosauka aliyense adzakhala ndi bokosi la galasi kumutu, kuti achibale azimuona bwino. Dzanja la Lufeyo linali likutentha ngati mbaula, ndipo Nachisale sankamvanso zoseketsa.

A Malikebu anatsika pakhonde, n'kudutsa pakati pa mipando, n'kunong'oneza woyendetsa mwambo kuti thupi likuyenera kunyamuka tsopano lino. Mkuluyo anawayang'ana kuchokera kumutu mpaka kumapazi.

"Adokotala, mbali yanu munaimaliza. Pa pulogalamu simulipo."

Namwino anaitana kuti mayi wina wayamba kubereka, ndipo dokotala mmodzi sangadzigawe. A Malikebu anabwerera mapewa atagwa.

A Kapalamula sakanalola kuchepekedwa ndi Lichero. Anayamba ndi kuthokoza Mfumu Ndakhuta Wachiwiri, malemu bambo ake, ndi malemu agogo ake amene sanakhalepo mfumu koma akanakhala yabwino. Anathokoza matayala a galimoto. Analonjeza galimoto yachiwiri, kuti anthu awiri akamwalira tsiku limodzi wina asamadikire mnzake. Mthunzi wa tenti unayamba kusunthira kummawa. Nachisale anafinya dzanja lija, ndipo linayankha patapita kanthawi, ngati munthu woitanidwa ali kutali.

Apa mantha anamukulira kuposa manyazi. Galimoto ipite, ndende ibwere, zonsezo analibe nazo ntchito. Anaimirira.

"Akupuma! Amuna anga ali moyo! Ndinanama ine, ndimafuna galimoto! Vundukulani muone, tiyeni nawo kuchipatala!"

Anthu onse anatembenukira kwa iye. A Kapalamula anavula magalasi, n'kupukuta m'maso ndi kampango.

"Mwamva, abale anga? Chisoni chimatero. Mayi, tonsefe tikanakonda zikanakhala choncho."

Nachisale anagwira nsalu ya kumutu kuti aichotse, koma amayi achipani anamugwira manja. Mkulu wina wa imvi anamudzudzula mofatsa. "Ayi, mwana wanga. Mwanena nokha kuti nkhope ndi ya alongo ake. Mwambo wa eni sitiswa chifukwa cha misozi." Nangozo anakuwa kuti mnzakeyo akunena zoona, koma kwaya inali itayamba kale nyimbo, ndipo jenereta ya a Matewere inali yamphamvu. Anamukhazika pansi Nachisale, wina akumupepesa, wina akumupemerera mphepo ndi chitenje. Iye anangolowetsanso dzanja kunsi kwa nsalu.

Inakwana nthawi ya nkhata. Zinali zake zomwe, zimene makhansala anatuma anthu kukatenga pamalo ake pamsika. Aliyense ankaitanidwa ndi maudindo ake onse, n'kuyenda pang'onopang'ono kuti wojambula amupeze bwino, n'kuwerama, n'kuika nkhata pamimba pa Lufeyo. Makhansala a ku Pepani ndi ambiri, ndipo palibe anafuna kutsala.

A Kapalamula anabwereranso pa chimkuzamawu kuti anene mawu omaliza, omwe ku Pepani amakhala aatali kuposa oyamba. Anali pakati pofotokoza za geti latsopano pamene Nachisale anafinya dzanja lija. Anadikira. Anafinyanso. Anagwedeza chala chachikulu, chija chinali ndi chipsera cha malata. Zala zinamasuka zokha n'kugwera pa thabwa.

Kulira kumene kunatuluka m'kamwa mwa Nachisale kunaposa jenereta. Kwaya inasiya. Nangozo, katswiri wa misozi, atamva anadziwa kuti uku sikunali kunamizira, n'kukhala pansi. Amayi a kumbuyo aja anagwedezerana mitu mokhutira. "Eya, tsopano ndiye akulira ngati munthu."

A Kapalamula anadikira kuti kuliraku kumveke bwino, kenaka anakweza dzanja. "Mwadzimvera nokha. A Lichero ayankhula pano, panalibe anagwetsa msozi. Mawu a Chipande amafika pamtima."

M'manja munaombedwa. Tsopano mwambo unali utatha, ndipo woyendetsa mwambo anapempha anthu kuti afulumire poti ulendo ndi wautali. Bokosi linakwezedwa, Nachisale n'kukwera nalo kumbuyo. Galimoto inatulukira pa geti lopapatiza lija popanda kukhula paliponse.

A Wedisoni, amene mwambo wonse anali m'galimoto akuyang'ana dzuwa, anayendetsa ngati wamisala. Sanaime pa zitunda za pamsewu, sanapatse moni apolisi. Galimoto ya khonsolo inali yabwino zedi, ndipo ikananyamuka nthawi ija injini inalira koyamba, ikanafika kale. Analowa mu Mkhuto dzuwa litafiira. Pageti la chipatala chachikulu anachepetsa liwiro, n'kutsegula kawindo ka kumbuyo kwa mutu wawo, nkhope ili mwee.

"Mlamu, tafika! Koma munalira bwino inu, ngakhale ine ndinatsala pang'ono kukhulupirira. Auzeni achimwene adzuke. Ndikhote?"

"Pitirirani, a Wedisoni," anatero Nachisale. "Pano akuyenera galimoto yanu."

A Wedisoni anayang'ana m'bokosimo, n'kutseka kawindo kaja pang'onopang'ono. Galimoto inadutsa geti n'kulowera msewu wa ku Matsidya. Nachisale anatenga nkhata ya a Lichero, imene maluwa ake anali atayamba kuyoyoka, n'kuimasula yonse pamiyendo pake. Kenaka anayamba kuiluka bwino.